Kobiri Wamba ndi Mbiya ya Aroni

Pamalire a dziko lathu ndi Zambia, pamene msewu wochokera ku Lilongwe, utapitirira Namitete ndi Kamwendo ndi boma la Mchinji, ufika pachipata cha Mwami ndi kulunjika ku Chipata, munthu wopenyetsetsa amaona chinthu chimene sichionekera bwino m'kati mwa dziko: ndalama ziwiri za dzina limodzi, zoyenda m'matumba a anthu a chilankhulo chimodzi, amene amakwatirana ndi kuikirana maliro, koma za ulemu wosiyana kutalitali. Tsidya ilo, kwa Mpezeni, mayi wogulitsa nthochi akalandira kwacha yachitsulo amaimanga msanga pamfundo ya chitenje chake, pakuti ikali ndi mphamvu yogulira kanthu. Koma tsidya lino, mukapereka K10 yachitsulo kwa wakabaza kapena kwa mwana wogulitsa zitumbuwa, adzakuyang'anani ndi maso odandaula, ndipo ndalamayo ikagwa pafumbi sipapezeka woweramira. Makobiri athu, amene makolo ankawawerenga kawiri asanawatulutse, lero ntchito yawo yatsala yopalira makhadi a mayunitsi ndi yoseweretsa ana pakhonde.

Tsono alipo anthu, owerengeka kuno kwathu koma ochuluka m'maiko akutali, amene mtima wawo umakondwera ndi kusonkhanitsa ndalama zachitsulo, osati kuti agulire kanthu, koma kuti azisunge m'dongosolo lake, chaka ndi chaka, dziko ndi dziko. Ndipo pakati pawo pamabuka kawirikawiri funso lakuti kodi n'kwanzeru kusunga makobiri wamba a masiku ano, amene akali kuyenda m'misika, kapena munthu ayenera kulondola akale ndi osowa okha. Funsoli lioneka laling'ono, loyenera anthu okhuta, koma m'kati mwake mwabisala lina lalikulu limene aneneri ndi anzeru analimbana nalo chiyambire kale, lakuti kusunga chinthu kumakhala nzeru liti, ndipo kumasanduka umbombo liti.

Tiyambe ndi yankho la wamalonda, pakuti ndilo lapafupi, ndipo sindifuna kunyengerera aliyense. Munthu akasunga makobiri a lero ndi chiyembekezo chakuti tsiku lina adzamulemeretsa, adzakalamba ali chidikirire. Chimene chimakweza mtengo wa ndalama pakati pa osonkhanitsa ndicho kusowa kwake, ndipo kusowako sikubwera ndi zaka zokha ayi. Peni ya ku Britain ya chaka cha 1933 imagulidwa ndi chuma chambiri chifukwa zinasulidwa zosakwana khumi, pamene ya 1932 kapena ya 1934, yofanana nayo m'zonse, imapezeka pamtengo wochepa. Ndipo ndalama ya mapeni 50 ya Kew Gardens ya 2009, ngakhale ili ya dzulodzuloli, imafunidwa kwambiri chifukwa zinatuluka 210,000 zokha m'dziko la anthu mamiliyoni ambiri. Ndalama zathu za K1, K5 ndi K10 zimene Reserve Bank ya Malawi inatulutsa mu 2012 zinasulidwa miyandamiyanda. Ndipo ngakhale zikadakhala zosowa, ogula ake ali kuti? Msika wa zinthu zotere uli ku London ndi ku Johannesburg, ndipo wofuna kobiri la Malawi kumeneko amalifuna lonyezimira, losakhudzidwa ndi dzanja, osati lathu lino loperepeseka ndi thukuta la pamsika. Kale munthu akadatha kunena kuti chitsulo chenichenicho chili ndi mtengo, pakuti masheleni a Southern Rhodesia amene ankayenda m'Nyasaland anali ndi siliva m'kati mwake kufikira 1946. Koma a lero ndi chitsulo wamba, chimene maginito amachikoka ndipo dzimbiri silichiopa.

Tiwerengere pamodzi, kuti nkhani isakhale ya m'malere. Tiyerekeze kuti mlimi wa kwa Mkanda, atagulitsa mtedza wake mu 2012, anadzaza chitini ndi ndalama 1,000 za K10, nachibisa kuchipinda. M'chitinimo munali K10,000, ndipo m'mwezi wa Meyi chaka chimenecho, kwacha itangochepetsedwa mphamvu, dola imodzi ya ku America inali pa K250, kotero kuti chuma chakecho chinalingana ndi madola 40. Kwacha inachepetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kufika pa K1,700 kubanki, osanena za mtengo wa anyamata osintha ndalama pachipata. Ndipo mlimi uja akatsegula chitini chake lero adzapeza ndalama zonse 1,000 zili zamphumphu, mbala sinaboole, koma mphamvu yake siifika madola 6. Chuma chake chabedwa iye akuchilonda usana ndi usiku, wakuba wake osaoneka.

Ichi ndicho chifukwa chake Ambuye, m'fanizo lija la akapolo atatu, sanayamikire kapolo amene anakumba pansi nabisa ndalama ya mbuye wake, ngakhale kuti sanaibe, sanaimwere, ndipo anaibweza yonse monga anailandirira. Ndalama inapangidwa kuti iyende, ndipo ikaima imafota. Mlimi wa ku Mchinji amadziwa kupatula mtedza wambewu ndi kuubisa patsindwi ana akuulirira, chifukwa mtedzawo ukaponyedwa m'nthaka ndi mvula yoyamba udzabala makumi. Koma kobiri si mtedza, silimera, ndipo amene ali ndi K10,000 yapadera achita bwino kupita nayo ku banki m'khonde, kapena kuonjezera pogula nkhuku kapena feteleza. Palinso mlandu wina umene wokundika makobiri saulingalira. Ndalama zimenezi sizisulidwa m'dziko muno. Zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe timazisowa pogula mankhwala ndi mafuta, ndipo chitini chilichonse chobisidwa ndi chenje chimene chasowa m'sitolo, kumene wosauka amapatsidwa switi m'malo mwa ndalama yake, iye asanapemphe switi.

Ndiyenera kutchulanso mphekesera imene imayendayenda m'midzi, kuno ndi m'maiko oyandikana nafe, yakuti makobiri obooka pakati a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ali ndi mphamvu yachinsinsi, ndi kuti kwinakwake kuli alendo ogula limodzi ndi ndalama zokwanira galimoto. Makobiri amenewo, peni ya njovu ziwiri ndi hafupeni ya akadyamsonga, anasulidwa ochuluka zedi kuyambira 1955 kufikira kumapeto kwa Chitaganya, ndipo mtengo wake pamsika wa osonkhanitsa ndi wochepa. Wogula wotchukayo saoneka konse. Amene amaoneka ndi mkhalapakati, wofuna kuti muyambe mwamupatsa ya ulendo ndi ya mankhwala oyesera chitsulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pofika apa wowerenga anganene kuti mlandu watha, ndi kuti makobiri a lero ngoyenera kugulira kanthu kapena kuwataya. Koma ine sinditero, ndipo chondiletsa ndi nkhani ya mana m'buku la Eksodo, imene ambiri timaikumbuka theka lokha. Timakumbuka kuti ana a Israele analamulidwa kutola chakudya cha tsiku limodzi, ndi kuti ena osakhulupirira, poopa za mawa, anasungako kufikira kutacha, ndipo chinagwa mphutsi ndi kununkha, Mose nawakwiyira. Koma m'mutu womwewo Mose yemweyo auza Aroni kuti atenge mbiya, athiremo muyeso umodzi wa mana, ndi kuiika pamaso pa Yehova kuti isungikire mibadwo yakudza, kuti adzukulu obadwira m'dziko la zokolola adzaone ndi maso awo chakudya chimene makolo awo anadya m'chipululu. Taonani tsono: chinthu chimodzi, m'chigono chimodzi, chisungidwa kawiri, ndipo kusunga koyamba kudzudzulidwa, kwachiwiri kulamulidwa. Kusiyana kwake sikuli m'chinthu chosungidwacho, pakuti mana a m'mbiya sanali okoma kapena osowa kuposa a m'mahema. Anali mana wamba, amene anagwa m'mawa ndi m'mawa zaka makumi anayi kufikira anthu anatopa nawo. Kusiyana kuli pa cholinga ndi pa muyeso. Oyamba aja anasunga chifukwa cha mantha ndi dyera, kuti adzadye okha. Aroni anasunga pang'ono, poyera, kuti ena adzaone.

Ndipo ngati m'nyumba ya munthu wamba muli chinthu chochitira umboni nthawi yake mosanama, ndicho kobiri. Pamene anamuyesa Yesu ndi funso la msonkho, iye sanafunyulule mpukutu wa chilamulo, koma anaitanitsa ndalama ya msonkhoyo nawafunsa za nkhope ndi malemba ake, pakuti kandalamako kanali kokwanira kuulula amene anali kulamulira dzikolo. Momwemonso kuno. Mbale ya chopereka ya pa Kachebere, pamene mishoni inayamba mu 1903, yalandira mbiri yonse ya chigawo chino Lamulungu ndi Lamulungu. Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, ndipo boma la atsamunda litakhazikika pa Fort Manning, ndiyo Mchinji ya lero, msonkho wa nyumba unakakamiza amuna amene sankasowa ndalama kuti aifunefune, ena m'minda ya azungu ku Fort Jameson, ndiyo Chipata ya lero, ena ku Halale ndi ku Joni, nabwera ndi masheleni a nkhope za mafumu a ku Mangalande. Pambuyo pake inafika nkhope ya Mfumukazi Elizabeth pamakobiri a Chitaganya, amene ankagula mofanana ku Fort Manning ndi ku Fort Jameson, popanda wosintha ndalama pakati; ndipo mu 1964, maiko awiriwa atalandira ufulu, ndalama zinapatukana, kuno nkhope ya Kamuzu Banda, uko, patapita kanthawi, ya Kenneth Kaunda. Zambia inayamba kwacha ndi ngwee mu 1968, ife kwacha ndi tambala mu 1971, makwacha awiri kulingana ndi paundi imodzi. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, nkhope ya Bakili Muluzi inaoneka pamakobiri a 1995 ndi 1996, ndipo m'kupita kwa zaka nkhope za atsogoleri zinachoka, patsala chizindikiro cha dziko chokha. Mwana amene angandandike makobiri amenewa pamkeka, mmodzi wamkulu akumufotokozera, adzagwira ndi zala zake zimene m'kalasi amangoziloweza.

Koma umboni umene umandigwira mtima koposa suli kumbali ya nkhope, uli kuseri kwake. Sheleni ya 1964 inali ndi mtolo wa ngala za chimanga, ndipo ndalama ya masheleni awiri inali ndi njovu ndi mwana wake. Mu 1971 chimanga chija chinasamukira pa 10 tambala ndi njovu pa 20 tambala, popeza mtengo wake unali womwewo, ndipo pa 5 tambala panaikidwa mbalame ya m'madambo ya khosi lalitali. Tsono tengani K5 ya 2012 muitembenuze: mbalame yomweyo yaima pamenepo, ndipo njovu imene inali pa 20 tambala lero ili pa K10. Palibe nduna imene inaimirira m'Nyumba ya Malamulo kulengeza kuti malo a matambala asanu atengedwa ndi makwacha asanu, ndiko kuchulukitsa ka 100, ndi kuti ngakhale makwacha asanuwo alephera. Koma mbalame ija posamuka yanena zonsezo. Ndalama zija zazikulu za zitsulo ziwiri, K5 ya asodzi ndi K10 ya mlimi wokolola, zolembedwa 2006, zinangokhala zaka zowerengeka n'kulowedwa m'malo ndi tating'ono topepuka, ndipo kuchepa kwa thupi kumeneku nakonso ndi mbiri ya chuma chathu.

Apa ndi pamene pagona yankho langa kwa amene amati tisunge zosowa zokha. Chosowa chili nawo kale ochisunga. Chili m'mabokosi a anthu achuma ndi m'nyumba zosungira zakale za ku Ulaya, ndipo sichidzatayika. Chimene chimatayika ndi chinthu wamba, popeza aliyense amayesa kuti mnzake akusunga, kapena kuti n'chochuluka kotero kuti sichingathe. Yendani lero kuchokera ku Kapiri kufikira kwa Mlonyeni mukufunsa 1 tambala ya 1971, imene inali m'thumba la mwana aliyense wa sukulu. Mudzaodira nyumba zambiri musanaione. Ofukula zakale pa Great Zimbabwe anapeza kakobiri kamodzi kamkuwa ka Sultan al-Hasan ibn Sulaiman wa ku Kilwa, amene analamulira m'zaka za m'ma 1300, kandalama kogulira zinthu zazing'ono pamsika wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Ndipo kakobiri kameneko kakhala umboni wolimba wakuti mzinda wamiyala uja unkachita malonda ndi gombe la kum'mawa. Amene anakataya sanadziwe kuti akusiyira mibadwo kalata. Ife tili ndi mwayi wochita dala chimene iye anachita mwangozi.

Tisaiwalenso kuti chopereka chimene Ambuye anachiyamikira m'Kachisi sichinali cha golide, koma tindalama tiwiri ta mkazi wamasiye, tochepetsetsa mwa ndalama zonse za m'dzikomo. M'dzina la Malawi mwasulidwa ndalama zambiri zachikumbutso, za siliva ndi za golide, zokongola ndithu, zogulitsidwa m'timabokosi kwa osonkhanitsa akunja, zimene sizinagulepo mchere pa Kamwendo kapena kulipira chigayo. Zimenezo zili ndi mtengo, koma za moyo wathu sizidziwa kanthu. Kobiri loperepeseka, limene wamalonda wa ku London angalikane, ndilo linaponyedwa m'mbale ya chipepeso pamaliro, linafupa mkwatibwi paukwati, linagula parafini wa koloboyi amene mwana anawerengera mayeso. Mbiri ya mafumu imalembedwa ndi alembi awo. Koma ya amasiye, ngati isungika konse, imasungika pa zinthu zotere, ndipo ndiopa kuti mtundu umene uchita manyazi ndi kobiri la wosauka suli kutali ndi kuchita manyazi ndi wosaukayo.

Sindikana kuti ngakhale kusunga kwa mtundu wachiwiriku kuli ndi msampha wake. Mtima wa munthu umanyenga mwini wake, ndipo amene anayamba ndi kufuna kukumbuka angathe kutsiriza ndi kufuna kukhala nazo zonse, kusirira za mnzake, ndi kusowa tulo chifukwa cha chaka chimodzi chimene chikusowa pamzere wake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Njoka yamkuwa imene Mose anaipanga kuti anthu achire inasungidwa zaka mazana ambiri, kufikira anthu anayamba kuifukizira zonunkhira, ndipo mfumu Hezekiya anaiphwanya, nayesedwa wolungama pochita chomwecho. Chifukwa chake muyeso wa Aroni ndiwo chitetezo chathu, pakuti iye anauzidwa mbiya imodzi yokha. Kobiri limodzi kapena awiri a mtundu uliwonse ndi a chaka chilichonse akwanira, otsalawo abwerere kumsika kumene akufunika. Ndipo ilipo njira yodziyesera: mwana wa mnansi akapempha kuona makobiri anu, inu n'kukondwa kumuonetsa ndi kumufotokozera, muli m'mapazi a Aroni, koma ngati mutseka chitseko ndi kuwerenga nokha usiku, mphutsi zayamba kale.

Okhala m'malire ali ndi mwayi umene a ku Zomba alibe, woona tsogolo la ndalama zawo pa zimene zinagwera mnansi. Ku Zambia makobiri anafa kotheratu m'zaka za m'ma 1990, mitengo ya zinthu itakwera kopitirira, kotero kuti mbadwo wathunthu unakula osagulirapo ngwee. Koma pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inachotsa mazilo atatu pa kwacha, K1,000 yakale n'kukhala K1, ndipo makobiri a 5, 10 ndi 50 ngwee ndi a K1 anabwerera m'manja mwa anthu, ndipo mu 2025, posintha ndalama zawo zonse, anaonjezapo a K2 ndi a K5. Izi zitionetsa kuti kobiri likhoza kufa ndi kuuka, ndiponso kuti pa kusintha kotere akale amazimirira m'kanthawi kochepa. Kuno kwathu, kumene pepala la K2,000 linatuluka mu 2016 ndi la K5,000 mu 2022, ndipo Airtel Money ndi Mpamba zikulowetsa ndalama m'foni, momwe mulibe nkhope kapena mbalame yoti mwana aigwire, n'kutheka ndithu kuti makobiri a 2012 ndiwo otsiriza a mtundu wawo.

Wofuna kuyamba safunika chuma. Asankhe looneka bwino mwa amene amufika m'manja, aligwire m'mphepete, asalikweche ndi phulusa kapena mchenga kapena kulinyika m'madzi a mandimu pofuna kuliwalitsa, pakuti kutero kumaliononga. Alikulunge palokha m'pepala louma, kutali ndi chinyezi cha dzinja. Koma choposa zonsezi, alembe papepalapo chaka, malo amene analilandirira, ndi chimene kobirilo likadagula tsiku limenelo, kaya ndi machesi, kaya switi, kaya palibe. Pakuti kulemera kwake ndi chitsulo chake zidzapezeka m'mabuku a ku Ulaya, koma mtengo wa mulu wa tomato pamsika wa Mchinji m'chaka chakutichakuti palibe adzaulemba ngati si ife eni ake.

Ntchito imeneyi ndiiona yoyenera masukulu ndi mipingo koposa munthu payekha, popeza mbiya ija inaikidwa pamalo a mtundu wonse. Mphunzitsi wa mbiri ku Ludzi kapena ku Kapiri kapena paboma angathe kutuma ophunzira ake kuti aliyense akafunse kwawo makobiri ogona m'masutikesi a agogo, nabwere nawo pamodzi ndi mawu a mwini wake. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma akuluwo sadzatidikira mpaka kale: amene anali ndi zaka khumi mu 1964 lero apitirira zaka 70, ndipo iwo ndi akulu awo ndiwo okha otsala amene angatiuze kuti tiki inkagula mabanzi angati pa Fort Manning, ndi kuti sheleni imodzi inkamufikitsa pati munthu wokwera basi ya ku Lilongwe. Afunsidwe chilimwe chino, ntchito ya kumunda isanayambe.